Mwai wa Maphunziro a Mtendere: Ngakhale a Mumpingo Angapemphe

Kuyanjanitsa anthu okangana ndi luso limene munthu angaphunzire, monga mmene namwino kapena mphunzitsi aphunzirira nchito yake. Pali mabungwe amene amalipirira anthu kuti akafufuze cimene cimayambitsa nkhondo pakati pa maiko ndi mmene mtendere umabwerera. Thandizo lotere pa Cingelezi amalicha fellowship.

Citsanzo codziwika ndi ca bungwe la Rotary, limene linayamba kupereka thandizoli mu 2002. Wosankhidwa amamulipirira sukulu, malo ogona, cakudya ndi ulendo wopita ndi kubwerako. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi digiri ya masters pa mayunivesiti monga Bradford ku England, Queensland ku Australia ndi Uppsala ku Sweden. Yaciwiri ndi satifiketi ya caka cimodzi pa Makerere University ku Kampala, m'dziko la Uganda, kumene ophunzira oyamba analowa mu 2021. Kumeneko munthu amakhala milungu yowerengeka cabe, kenaka amabwerera kwao kukacita nchito ya mtendere imene iye mwini anakonza.

Wopempha afunika kukhala ndi digiri yoyamba, kudziwa bwino Cingelezi, ndi kuonetsa kuti wagwirapo nchito ya mtendere kapena citukuko: zaka 3 pa masters, zaka 5 pa satifiketi. Mafomu amalembedwa pa intaneti, ndipo nthawi yake imakhala kuyambira February mpaka May.

Nkhaniyi itikhudza ife a Zambia. Mu September 1961, mlembi wamkulu wa United Nations, Dag Hammarskjöld, anafa pa ngozi ya ndeke pafupi ndi Ndola ali pa ulendo wokathetsa nkhondo ya ku Congo. Lero dzina lake lili pa sukulu ya za mtendere ya Copperbelt University. Mu Lusaka ndi mmene munasainidwa pangano la mtendere la Angola mu 1994 ndi la Congo mu 1999. Ku Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala kuli abale athu othawa nkhondo, ndipo mipingo imawatumikira. Nyumba ya mnzako ikapsa, utsi umafika ndi kwa iwe.

Ambiri mwa ife tiganiza kuti mwai wotere ndi wa akazembe okha. Koma abusa, aphunzitsi, amai a cigwirizano ndi acinyamata amene athandiza othawa kwao, kapena kukhazika pansi anthu olimbirana malo, agwira kale nchito imene osankha afuna kumva. Cimene cimasowa kawiri-kawiri ndi umboni wolembedwa. Conco lembani zimene mwacita, liti ndi kuti, ndipo akulu a mpingo akhale okonzeka kukulemberani kalata.

Ambuye Yesu pa phiri paja anadalitsa anthu odzetsa mtendere. Ngati mumpingo mwanu muli wina woyenera, muuzeni msanga, mumuthandize, ndi kumupempherera.