Mfuti Ikamaphonya, Musafulumire Kunena Kuti Yalodzedwa

Alimi a m'tsinde mwa Phiri la Mulanje amene amalondera chinangwa adziwa kuti nguluwe yolasidwa pang'ono ndi yoopsa. Chotero mfuti yophonya siyenera kulekereredwa.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyezi. Mvula ndi chiperoni cha June ndi July zimabweretsa dzimbiri m'kati mwa mpope, zimafufumitsa mtengo wa mfuti, ndiponso zimaononga zipolopolo.

Yesani motere: ikani pepala pa chulu, kutali ndi nyumba ndi njira. Bwererani mayadi 50, tsamiritsani mfuti pa thumba la mchenga, muombere katatu. Zipolopolo zikagwera pamodzi koma pambali, ndiye kuti kachitsulo koyang'anira kapendekeka. Zikabalalika, chotsani zipolopolo, tsukani mpope, limbitsani masikuluwu, muyesenso ndi zipolopolo zouma. Pokhethemula musadzidzimuke. Mpope ukatupa kapena kung'aluka, musaomberenso.

Kumbukirani kuti mwini mfuti ayenera kukhala ndi chiphaso cha ku polisi, ndipo kusaka m'nkhalango ya phirili, yotetezedwa chiyambire 1927, n'koletsedwa. Aphunzitsi, awerengereni anzathu mau awa.