Mizere ingapo ya khodi, mwini wake ndani?

Makampani ogula mapulogalamu a kompyuta, kapena ogula kampani inzawo, masiku ano amayamba adutsitsa khodi yonse m'makina ofufuza kumene mzere uliwonse unachokera. Kawirikawiri makinawa safukula umbava waukulu. Amapeza tizidutswa ta mizere isanu kapena khumi timene wina anakopera pa tsamba la mafunso ndi mayankho n'kumata m'ntchito yake nthawi itamuthera. Kwa olemba mapulogalamu, kukopera kotere kuli ngati kukapala moto kwa mnansi: palibe amene amasunga m'mutu kuti moto wa lero wachokera kwa yani. Malamulo a umwini saona choncho.

Pangano la Berne la 1886, lomwe Malawi ilimo pamodzi ndi mayiko ambiri, limati chimene munthu walemba chimakhala chake pompopompo, osachita kukalembetsa kwina kulikonse. Pangano la zamalonda la 1994 linaonjezera kuti mapulogalamu a kompyuta azitetezedwa mofanana ndi mabuku. Motero khodi yoikidwa poyera popanda layisensi sikhala yaulere, mwini wake amakhala sanalolebe kanthu. Tsamba lalikulu kwambiri la mafunso a olemba mapulogalamu, lomwe linatsegulidwa mu 2008, linaika zonse zolembedwa pamenepo pansi pa layisensi ya CC BY-SA. Layisensiyi imalola kukopera, ngakhale pochita malonda, bola wokopera atchule mwini ndi kumene watenga, komanso chimene wapanga posintha ntchitoyo achitulutse pansi pa layisensi yomweyo.

Mu 2010 munthu wina anafunsa pa tsambalo funso losavuta: m'chinenero cha Java, angasinthe bwanji kukula kwa fayilo kuchoka pa nambala yaitali ya ma byte kuti kuwerengeke ngati 1.5 kB kapena 2.0 MB? Yankho lozolowereka ndi logawa nambalayo ndi 1000 mobwerezabwereza mpaka itachepa. Woyankha wina anaona kuti njira imeneyo ndi yotopetsa. Anagwiritsa ntchito masamu a logarithm kuti apeze kamodzin'kamodzi ngati nambalayo ili m'gulu la masauzande, mamiliyoni kapena mabiliyoni, kenako n'kutola chilembo choyenera pa mndandanda wa kMGTPE. Zonse zinakwana m'mizere yosafika khumi, yooneka bwino, yopanda kuzungulirazungulira. Anthu anavotera khodiyo mpaka inakwera pamwamba, ndipo kuchokera pamenepo inayenda. Inalowa m'mapulogalamu a pafoni, m'ntchito za ophunzira, ngakhalenso m'pulojekiti ina yaikulu ya chinenero cha Java chomwecho, mmene inakhala popanda dzina la mwini mpaka itazindikirika n'kuchotsedwa.

Mu 2018 ofufuza awiri a ku Germany anapeza kuti pa tizidutswa ta Java timene anaunika, aka ndi kamene kanakopedwa kwambiri. Mwini wake atabwerera kukakayang'ananso, analengeza mu 2019 kuti kali ndi vuto. Ukakapatsa ma byte 999,999 kamalemba 1000.0 kB m'malo mwa 1.0 MB, chifukwa kamasankha chilembo kasanafupikitse nambala. Anakonza yankho lake pa tsambalo. Koma makope amene anamwazikana kale anatsala ndi cholakwikacho, ndipo ambiri mwa iwo alibe linki yobwerera kumene anachokera. Apa m'pamene lamulo lotchula mwini, lomwe ambiri amaliyesa nkhani ya ulemu chabe, limaonetsa ntchito yake ina: mzere umodzi wa ndemanga wokhala ndi linki ndiwo njira yokha imene wobwera pambuyo angadziwire kuti khodiyo inakonzedwa.

Kafukufuku yemweyo anayerekeza kuti tizidutswa totchulidwa eni ake moyenera sitiposa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mwa mapulojekiti okhala ndi khodi ya pa tsambalo, osaposa 1.8 peresenti ndi amene anatsatira layisensi mokwanira. Mwa olemba mapulogalamu amene anafunsidwa, pafupifupi awiri mwa atatu alionse sankadziwa layisensiyo ndi zimene imafuna.

Mkangano weniweni uli pa funso lakuti kachidutswa kakafupi chonchi kali ndi mwini n'komwe. Mbali ina imati lamulo limateteza kalembedwe, osati ganizo. Ngati pali njira imodzi yokha yanzeru yotsegulira fayilo kapena yosanjira nambala, aliyense wodziwa ntchito adzalemba zofanana, ndipo munthu sangati njirayo ndi yake. Kwa iwowa, kuopa mizere itatu ndi mantha a maloya. Mbali inayo imati kufupika pakokha sikupulumutsa munthu. Mu 2009 khoti lalikulu la mayiko a ku Ulaya linagamula, pa mlandu wochokera ku Denmark, kuti mawu 11 okha otengedwa m'nyuzipepala angathe kutetezedwa ngati akuonetsa luso la wolemba. Kachidutswa ka ma byte kaja kakupereka mphamvu ku mbali imeneyi, poti kanatchuka chifukwa wolemba anasiya njira ya aliyense n'kupeza yake. Palibe lamulo lotchula chiwerengero cha mizere pamene umwini umayambira, ndipo wokopera sangadziwe mbali imene kachidutswa kake kagwera pongokayang'ana.

Kachidutswa kakakhala ndi mwini, funso lachiwiri ndi lowawa koposa. Kodi mizere isanu ndi iwiri ingakoke pulogalamu ya mizere zikwizikwi kuti yonse itulutsidwe pansi pa CC BY-SA? Ena amati pulogalamuyo yangosunga kachidutswako pambali pa zinthu zina, ena amati kakalukana ndi khodi ina ndiye kuti papangidwa ntchito yatsopano yochokera pa iko. Layisensiyi inalembedwera zithunzi, nyimbo ndi nkhani, ndipo amene anailemba amalangiza okha kuti isagwiritsidwe ntchito pa mapulogalamu, chifukwa sinena kanthu za khodi imene munthu amalemba ndi imene makina amathamangitsa. Khomo limodzi linatseguka mu October 2015, pamene zinaloledwa kuti ntchito ya CC BY-SA 4.0 ilowe m'pulogalamu ya layisensi ya GPL 3, koma osati kubwerera. Kampani yogulitsa khodi yotseka khomo limeneli silimaithandiza.

Eni tsambalo anayesa kudula mkanganowu mu December 2015 poganiza zoti khodi yatsopano izikhala pansi pa layisensi ya MIT, yomwe imalola pafupifupi chilichonse, ndipo anafuna kupeputsanso udindo wotchula mwini. Oyankha mafunso ambiri anakwiya. Ena anati ntchito yawo ikuperekedwa kwa makampani iwo osafunsidwa, ena anafunsa kuti m'yankho losakaniza mawu ndi khodi malire adzadulidwa pati. Mu January 2016 ganizolo linasinthidwa, linakanidwanso, kenako linaimitsidwa. Phokoso linabukanso mu 2019 eni tsamba atalengeza kuti zonse zasamukira ku CC BY-SA 4.0, anthu n'kufunsa kuti layisensi ya zinthu za eni ake angaisinthe ndani. Mapeto ake yankho lililonse limasonyeza layisensi ya nthawi imene linalembedwa: 2.5 pa zakale, 3.0 kuyambira April 2011, ndi 4.0 kuyambira May 2018. Wokopera mosamala ayenera kuyang'ananso deti.

Makampani ena amauza antchito awo kuti awerenge yankho, alimvetse, atseke tsamba n'kulemba okha. Ena amangoti ndemanga ya linki isasowe. Pakadali pano olemba mapulogalamu ambiri safikanso pa tsambalo, amafunsa zida za AI zimene zinaphunzitsidwa ndi khodi yoikidwa poyera, ndipo kawirikawiri yankho limabwera lopanda dzina, deti kapena layisensi. Mu November 2022 olemba mapulogalamu ena anakasuma ku khoti la ku California, ponena kuti chida china chotere chimatulutsa khodi yawo chitachotsa mayina ndi malayisensi amene iwo anaikapo.