Kusankha Njinga Yamoto ya Maulendo Aatali

 Nkhani yathu lero ndi ya njinga yamoto, imene ena amaitcha mthuthuthu. Sitikunena za kabaza wa m'tauni ayi, koma za munthu amene akufuna kunyamuka ku Lilongwe ndi katundu wake kumbuyo, kuti ayende masiku angapo akuona dziko.

Amene amakhala ku likulu anazionapo njinga zikuluzikulu zikuchokera ku Area 10, Area 12 kapena Area 43, n'kudutsa pa City Centre zikubangula. Zina zimakhala za alendo amene akudutsa m'dziko muno pa ulendo wochokera ku Cairo kupita ku Cape Town. Zotchuka mwa izo ndi BMW GS, imene inayamba kupangidwa mu 1980, ndi Honda Africa Twin, imene inatuluka mu 1988. Kunena zoona njinga zimenezi n'zamphamvu ndiponso n'zosiririka. Koma munthu asanatulutse ndalama, ayambe wadzifunsa mafunso awiri: kodi ndidzayenda m'misewu yotani, nanga njingayo ikadzafa pa njira adzandikonzera ndani?

Tiyambe ndi misewu. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa ndi opitirira pang'ono 300, ndipo kupita ku Mzuzu ndi pafupifupi 360. Yonseyi ndi misewu ya phula, ngakhale kuti malo ena ili ndi maenje ndipo m'mbali mwake munadyeka. Koma malo ambiri okoma kuwaona ali kumene phula lathera. Wopita ku Nyika amakwera msewu wafumbi kudzera pa chipata cha Thazima mpaka ku Chelinda, pamtunda wokwera kuposa mamita 2,000. Wotsikira ku nyanja kudzera ku Golomoti, kapena wotsika chitunda cha Chiweta, amakumana ndi makona okhota kwambiri. Motero njinga yoyenera kuno ndi imene imatha kuyenda pa phula ndi pa fumbi pomwe: yokwera pamimba kuti isagunde miyala, ya tayala lakutsogolo lalikulu, la mainchi 19 kapena 21.

Tsono tibwere pa kukula kwake. Njinga zazikulu zija zimalemera makilogalamu pafupifupi 250 musanaikepo katundu. Ikagwa mumchenga kapena m'matope, munthu mmodzi amavutika kwambiri kuidzutsa. Njinga zazing'ono za 125cc kapena 150cc zimalemera pafupifupi theka la pamenepo, ndipo sizimwa petulo wambiri. Kumbukirani kuti alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo afika m'midzi yambiri ya dziko lino pa njinga zazing'ono ngati Yamaha DT125 ndi Honda XL125. Vuto lake n'lakuti zikasenza anthu awiri ndi katundu zimalefuka pa chikweza, ndipo kupitirira galimoto lalikulu kumakhala koopsa. Kwa anthu ambiri, njinga yapakati, ya 250cc mpaka 400cc, ndiyo imakwanira bwino. Musanagule, khalanipo: mapazi anu onse awiri afike pansi, ndipo msana ukhale wowongoka.

Funso lachiwiri lija, la wokonza, yankho lake simulipeza ku City Centre koma ku Old Town. Yendani mu msewu wa Malangalanga ndi m'masitolo oyandikana ndi msika, mufunse tayala, tcheni, pulagi ndi mabuleki a njinga imene mukuifunayo. Ngati zipangizozo zikupezeka pomwepo, mwayi ulipo woti makaniko wa ku Kasungu kapena ku Ntcheu adzakuthandizani. Koma ngati kachitsulo kalikonse n'koitanitsa ku Johannesburg, dziwani kuti njinga yanu idzagona masabata ambiri podikira. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Onaninso thanki. Mu 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira mu 2022, dziko lino laona nyengo za kusowa kwa mafuta. Njinga ya ulendo izitha kuyenda makilomita 300 pa thanki imodzi, ndipo musamadutse malo omwetsera mafuta thanki ili pa theka. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, choncho musasiye petulo m'thanki miyezi yambiri njinga ili chiimire.

Kulakwa kumene ambiri amachita ndiko kuthera ndalama zonse pa njinga, n'kuiwala thupi la woikwera. Galimoto lili ndi zitsulo zotchinjiriza munthu, koma pa njinga chokutchinjirizani ndi chovala chanu basi. Choyamba ndi chisoti, chimene lamulo limafuna kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe. Sankhani chophimba mutu wonse mpaka chibwano, chokugwirani bwino osagwedera, ndipo lamba wake muzimanga. Chisoti cha pa ntchito ya zomangamanga si cha pa msewu. Chisoti chimene chinamenyetsekapo kwambiri chatha ntchito, ngakhale kunja chikuoneka chabwino. N'chifukwa chake kugula cha kaunjika n'kuika moyo pachiswe.

Pambuyo pa chisoti pakhale jekete yochindikala, magolovesi, buluku lolimba, ndi jombo zophimba akakolo. Munthu akagwa amayamba kugwira pansi ndi manja, ndipo phula silichitira chisoni khungu. Musanyengedwe ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Komanso musaiwale juzi ndi chovala cha mvula, pakuti ku Dedza, ku Chikangawa ndi ku Nyika kumazizira zedi mu Juni ndi Julayi, ndipo zala zikauma ndi chisanu sizigwira buleki msanga.

Katundu akhale wochepa, wolemera akhale m'munsi, ndipo agawidwe mofanana mbali zonse ziwiri. Musasiye pampu, chubu, zigamba, masipanala, oyilo wa tcheni ndi madzi akumwa. Mapepala anu akhale m'thumba losalowa madzi: laisensi yogwirizana ndi kukula kwa njinga yanu, inshuwalansi, ndi mapepala a njingayo. Wopita ku Zambia kudzera ku Mchinji angagwiritse ntchito Yellow Card ya COMESA, koma wolowa ku Mozambique pa chipata cha Dedza ayenera kugula inshuwalansi ya dzikolo.

Pomaliza, nyamukani m'mamawa kuti mukafike dzuwa lisanalowe. Usiku msewu wa M1 umakhala ndi ngolo, njinga zakapalasa zopanda nyali, ndi magalimoto ofera pa msewu amene chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo zokha. Chepetsani liwiro pa misika ngati wa Lizulu ndi wa Jenda, ndipo muzipuma pakatha maola awiri aliwonse. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Njinga yabwino ndi imene idzakubwezeni kwanu muli amoyo, kuti mudzasimbire ana zimene munaona.