Aiko, Dzina la Chikondi ku Japan

Dzina la Aiko kawirikawiri limalembedwa ndi zilembo ziwiri za kanji, zomwe ndi zilembo zochokera ku China zimene chilichonse chimanyamula tanthauzo lakelake. Choyamba, ai, chimatanthauza chikondi, pamene chachiwiri, ko, chimatanthauza mwana. Popeza zilembo zosiyana zimatha kutchulidwa mofanana, makolo a ku Japan amasankha kamvekedwe ka dzina pamodzi ndi kalembedwe kake, kotero kuti atsikana awiri oitanidwa Aiko angakhale ndi mayina osiyana matanthauzo.

Mawu akumapetowo ali ndi mbiri yaitali. Kale ko ankapezeka makamaka m'mayina a akazi a kubanja lachifumu ndi a m'mabanja olemekezeka, koma ulamuliro wa Mfumu Meiji utayamba mu 1868, anthu wamba anayamba kuwatengera, mpaka pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 mayina monga Kazuko, Keiko ndi Yoko anali ponseponse. Pofika m'ma 1980 makolo ambiri anayamba kuwaona ngati achikale, ndipo pambuyo pake anakonda mayina ena monga Misaki ndi Sakura.

Banja lachifumu silinausiye mwambowu. Mwana yekhayo wa Mfumu Naruhito ndi mkazi wake Masako, wobadwa pa 1 Disembala 2001, anatchedwa Aiko, dzina limene makolo ake anasankha okha kuchokera m'chiphunzitso cha Mencius, wanzeru wakale wa ku China, chokhudza kukonda ndi kulemekeza ena. Komabe Aiko sangalowe ufumu, chifukwa lamulo la 1947 limalola amuna okha kutero.