Kodi mumadziwa?

Mutatenga mapu a Lusaka n'kumapaka utoto Kanyama, George, Matero, Chawama ndi makomboni ena onse, koma osalola awiri ochita malire kufanana mtundu, mitundu 4 yokha ikukwanirani. Zili choncho pa mapu alionse, bola dera lililonse likhale chigawo chimodzi chosadukiza.

Francis Guthrie anazindikira zimenezi mu 1852, koma umboni wake unazunguza akatswiri mitu kufikira 1976, pamene Kenneth Appel ndi Wolfgang Haken anautsiriza mothandizidwa ndi kompyuta. Ena ananyinyirika, ati umboni wanji woti munthu sangathe kuuunika yekha ndi cholembera.

Masamu ake ndi a graph theory, ofufuza madontho ndi mizere yowalumikiza: dera lililonse la pa mapu limaimiridwa ndi dontho, ndipo madera ochita malire amalumikizidwa ndi mzere. Mmodzi mwa akadaulo ake ndi Pulofesa Eunice Mphako-Banda, yemwe anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi. Digiri ya udokotala anaitengera ku Victoria University of Wellington ku New Zealand, ndipo pambuyo pake anakaphunzitsa pa Yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg. Mwa zina, mayiwa afufuza ma chromatic polynomial, omwe amawerengera njira zonse zopakira utoto madonthowo popanda awiri olumikizana kufanana. Yesani nokha kupaka mitundu 4 yokha pa mapu a kwanuko.