Ulendo wa pa Zisumbu za Greece

Madzulo ano tikamba za dziko la Greece, ku Ulaya. Dzikoli lili ndi zisumbu zambirimbiri, ndipo pa zisumbu zoposa 150 pamakhala anthu. Ophunzira a m'masukulu akuluakulu amapitako chaka ndi chaka, nayenda pa sitima za pamadzi kuchoka pa chisumbu china kunka pa china, monga muja imachitira Ilala pakati pa Likoma ndi Chizumulu. Amafuna kuona m'mene Agiriki akale ankakhalira, ndiponso kutsata njira zimene Akhristu oyamba anayendamo.

Ulendo umayambira pa doko la Piraeus, pafupi ndi mzinda wa Athens. Pa chisumbu cha Delos sitichedwapo, pakuti lero pangotsala mabwinja. Agiriki ankachiyesa chopatulika, ndipo m'chaka cha 426 Khristu asanabadwe analamula kuti munthu asabadwirepo kapena kuferapo. Komatu pambuyo pake malo omwewo anasanduka msika waukulu wa akapolo. Ku Samos kuli ngalande ya madzi imene anaiboola pansi pa phiri zaka zoposa 2,500 zapitazo, yotalika mapazi 3,400. Okumbawo anayambira mbali ziwiri za phirilo nakakomana pakati. Ku Patmos amakuonetsani phanga limene amati Yohane analandiriramo masomphenya a m'buku la Chivumbulutso.

Koma nkhani imene ikukhudza inu oweruza milandu ili ku Crete, chisumbu chachikulu koposa zonsezo, chotalika mailosi 160. Mukatsika sitima pa Heraklion mumaloza kum'mwera, kufikira chigwa cha Messara kumene alimi amalima mitengo ya azitona. Kumeneko kuli mabwinja a mzinda wa Gortyn. M'chaka cha 1884 katswiri wina wa ku Italy, Federico Halbherr, anapezako khoma la miyala lolembedwa malamulo a mzindawo. Malamulowo anazokotedwa zaka ngati 450 Khristu asanabadwe, ndipo mizere yake ili pafupi 600. Kalembedwe kake alimi mukakonda: mzere wina uchokera kumanja kunka kumanzere, wotsatira ubwerera, monga ichitira ng'ombe yokoka pulawo ikafika kumapeto kwa munda.

Nanga pakhomapo pali zotani? Lamulo loyamba likuletsa kugwira munthu mlandu wake usanazengedwe. Zambiri zotsatira ndi milandu yomweyi mumaimva pabwalo panu: ukwati, kusudzulana ndi chuma cha masiye. Banja likatha, mkazi ankatenga zonse anadza nazo, ndi theka la zokolola za m'munda mwake, ndi theka la nsalu zimene anaomba. Ngati wolakwa ndi mwamuna, ankamlipanso ndalama pamwamba pake. Mwamuna sankaloledwa kugulitsa kapena kupinyolitsa katundu wa mkazi wake, ngakhale mwana kugulitsa katundu wa amake. Pogawa chuma cha masiye, mwana wamwamuna ankalandira magawo awiri, wamkazi gawo limodzi. Ena mudzati mwana wamkazi anamchepetsera, ndipo mwanena zoona. Koma kumbukirani kuti ku Athens masiku amenewo mwana wamkazi wokhala ndi alongo ake sankalowa m'gawo la masiye. Woweruza naye anali womangika. Pamene lamulo lalembedwa, aweruze monga lalembedwera, pomvera mboni; pamene silinalembedwe, ayambe walumbira asanagamule.

Chilema cha malamulowo chinali chakuti anthu sanali ofanana pamaso pake. Wolakwira mfulu ankalipa chindapusa chachikulu, wolakwira kapolo chaching'ono chabe, ndipo pa milandu ina kapolo wolakwira mfulu ankalipa kawiri.

Mukayenda pang'ono kuchoka pakhomapo mufika pa mabwinja a tchalitchi chodziwika ndi dzina la Tito. Ameneyu ndi Tito yemwe uja kalata yake ili m'Chipangano Chatsopano, amene Paulo anamsiya ku Crete kuti aike akulu a mpingo m'mizinda yonse. Kalatayo sinena za magawo a chuma kapena za chindapusa. Ikufunsa za munthu amene adzakhala patsogolo pa anzake: asakhale chidakwa, kapena wa mtima wapachala, kapena wandewu, kapena wokonda phindu lonyansa, akhale wochereza alendo, ndipo pakhomo pake pakhale polongosoka. Ine ndiona kuti apa pali chinthu chimene khoma lija silikanatha kuchita. Lamulo lingalembedwe bwino chotani pamwala, koma woweruza akalandira mbuzi usiku, mkazi wosudzulidwa uja theka lake sadzaliona. Za kuchereza alendo sizinali zachilendo kwa Agiriki, pakuti makolo awo ankakhulupirira kuti mulungu wawo Zeus amateteza mlendo. Akhristu nawonso anaika kuchereza alendo pa mtsogoleri ngati udindo wake.

Tinenenso poyera kuti kalatayo sinathetse ukapolo. Ikulangiza akapolo kumvera ambuye awo, ngakhale ikulankhula nawo monga anthu a mumpingo pamodzi ndi nkhalamba, amayi ndi anyamata. Ophunzira amatsutsana kwambiri pa mfundo imeneyi, ndipo nkoyenera kutero.

Pobwerera ku doko, alendo amalowa m'tchalitchi cha Tito Woyera mu Heraklion, m'mene amasungamo chibade chimene amati ndi cha Tito. Chinakhala ku Venice zaka pafupifupi 300, nachibweza ku Crete m'chaka cha 1966.