Za Kulandira M'bale Amene Wakhalitsa Kutali ndi Anthu

Mwezi uno tifuna kukamba nanu za munthu amene watuluka m'ndende patapita zaka zambiri, ndi za ntchito imene Mulungu aika m'manja mwa abale ache tsiku limene iye afika pakhomo. Ambiri a ife tiyesa kuti chitseko cha ndende chikatseguka, mavuto onse atha. Koma amene analandirapo munthu wotere adziwa kuti ntchito iyambira pomwepo. Pakuti kukhala bwino ndi anthu ndi luso lochita kuphunzira, monga kuluka nkhokwe kapena kuumba mbiya, ndipo manja akalileka nthawi yaitali, aiwala.

Ife a ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi chitsanzo tiri nacho pafupi. Pa chitunda chozizira cha Dzaleka, panjira yonka ku boma la Dowa, panali ndende ya anthu ogwidwa pa nkhani za ndale m'masiku a Dr Hastings Kamuzu Banda. Nduna zina zitapatukana naye mu 1964, ndipo Henry Chipembere atayesa kuukira boma mu Febuluwale 1965, anthu ambiri anatsekeredwa osaonekera pabwalo la milandu, osauzidwanso tsiku lotuluka. Mu 1975 ndi 1976 a Mboni za Yehova, amene mpingo wao unaletsedwa mu 1967, anaponyedwa komweko ambirimbiri, amuna ndi akazi omwe, chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Akuluakulu amati dzina la malowo ndiwo mau a munthu wolangidwa koopsa, wonena kuti ndidzaleka.

M'ndende zina ena anakhalitsa koposa. A Machipisa Munthali anagwidwa mu 1965 natuluka mu 1992, zaka 27. Polowa iwo, ndalama zinali mapaundi ndi masheleni, ndipo likulu la dziko linali ku Zomba. Potuluka anapeza kwacha ndi tambala, zimene zinayamba mu 1971, ndi likulu ku Lilongwe, kumene linasamukira mu 1975. Mai Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981 namasulidwa mu Januwale 1993, amuna ao a Orton Chirwa atamwalira kale m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Kalata ya Aepiskopi athu, yowerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, inadzudzula poyera kusunga anthu m'ndende osawaweruza, ndipo sipanapite nthawi zitseko zinayamba kutseguka. Pambuyo pache boma latsopano linakhazikitsa bwalo lopereka chipepeso kwa ozunzidwa. Chipepeso nchoyenera ndithu, koma ndalama siziphunzitsa munthu kulonjera apongozi ache, kapena kuseka pamodzi ndi anzache pabwalo.

Nanga nchiyani chimene kudzipatula kuchita mwa munthu? M'ndende munthu sasankha kanthu: ena amuuza nthawi yodzuka, yodya, yokhala pansi ndi yogona. Aphunzira kuzolika pamaso pa wamkulu, kudya msangamsanga, kubisa kachakudya kotsala, ndi kusunga pakamwa poopa akazitape. Makhalidwe amenewa anamsunga wamoyo kumeneko, tsono sangawavule tsiku limodzi ngati malaya. Chifukwa chache akafika kumudzi mumuona akudzidzimuka chitseko chikalira, akutopa ndi phokoso la ana, akukhala yekha kuseri kwa nkhokwe, kapena kupsa mtima pa kanthu kochepa. Musati nkunyada, musatinso walodzedwa. Maiko ogwirizana mu United Nations anavomereza mu 2015 malamulo osamalira akaidi, otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela, amene nayenso anakhala m'ndende zaka 27. Malamulowo aletsa kutsekera munthu yekha, maola 22 kapena kuposa pa tsiku, kwa masiku opitirira 15 otsatizana. Ngati masiku 15 ayesedwa oopsa, taganizani za zaka.

Ndipo kumudzi nako zinthu sizinaime kumdikira. Ana amene anawasiya kumsana awapeza ali ndi ndevu, ena ali ndi mabanja. Munda wache mwina alima ndi ena. Mkamwini wobwera apeza kuti pamudzi pa akazi ache mau ache salemeranso, ndipo nthawi zina mkaziyo anakwatiwa kwina. M'masiku a chipani chimodzi panali chinanso chowawa: anansi ankaopa kumlonjera wotuluka ku Dzaleka, kuti angaonedwe ndi apayoniya kapena ayufi. Lero mantha amenewo anatha, koma miseche ilipobe, ndipo imtsekera munthu m'nyumba monga umo loko achitira.

Tsono titani ife Akristu? Choyamba, tikonze mudzi munthuyo asanafike. Mu 2007 Bwalo Lalikulu la milandu linagamula, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha munthu nlosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi amenewo inamvedwanso, ndipo oposa 100 anamasulidwa, ena atakhala m'ndende zaka zoposa 15. Othandiza pa za malamulo anayamba apita kumidzi kukakamba ndi mafumu ndi abale. Nzeru imeneyi tiitsate. Mwinimbumba, ankhoswe ndi anyakwawa akhale pansi msanga, agwirizane kumene adzagona, munda umene adzalima, ndi mau amene adzanenedwa kwa banja lolakwiridwa, ngati liripo. Mlandu wa ukwati upite kwa ankhoswe ndi kwa Bambo Mfumu wa parishi, usakambidwe pamowa.

Chachiwiri, tidekhe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Musaitane mudzi wonse tsiku loyamba ndi ng'oma ndi nthungululu. Alonjereni awiri atatu, mawa enanso. Musamfunse mafunso ambiri za kundende. Tsiku lidzafika limene adzafotokoza yekha, kawirikawiri kwa munthu mmodzi amene amkhulupirira, ndipo womvayo asunge chinsinsi. Muuzeni pang'onopang'ono maina a ana obadwa iye kulibe, ndi a akamwini ndi atengwa atsopano, kuti asachite manyazi polonjera.

Chachitatu, mperekezeni kukapepesa maliro amene anachitika iye ali kutali. Mwa Achewa munthu wosafika pamaliro ali ndi ngongole, ndipo amene sanalire mai ache asenza katundu wolemera mumtima. Mtsibweni wache kapena mbale wamkulu apite naye khomo ndi khomo, namlankhulira poyamba kufikira lilime lache litamasuka. Ngati nkotheka, pemphani nsembe ya Misa ya akufa ache, iye ali pomwepo.

Chachinai, mpatseni ntchito yogwira ndi anzache. Munthu wosowa chonena pamkeka apeza mau ali ndi khasu m'manja. Kupalira chimanga, kukumba mtedza, kusoka fodya m'chigafa, kufolera denga, izi zonse zilola anthu kukhala pamodzi popanda kupenyana m'maso nthawi zonse, ndipo nkhani zibwera zokha. Madzulo bawo lichita chimodzimodzi. A Prison Fellowship anatsegula nyumba ku Balaka yophunzitsa akaidi ntchito zamanja asanabwerere kwao, podziwa kuti wokhala ndi luso alowa msanga pakati pa anthu.

Chachisanu, mbwezereni ufulu wosankha. Chifundo chopitirira chimsandutsa munthu wamkulu kukhala mwana. Mfunseni mbeu imene afuna kubzala. Mtumeni kumsika ku Mponela kapena ku Madisi, poyamba ndi mnzache, kenaka yekha, kuti azolowere mitengo ya zinthu ndi ndalama za lero. Mwana amuonetse kagwiritsidwe ka foni popanda kumseka.

Chachisanu ndi chimodzi, mphakati uchite mbali yache. Miphakati inakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, kuti Akristu oyandikana adziwane ndi kuthandizana. Gulu laling'ono lotere limuyenera munthu amene khamu la m'tchalitchi limuopsa. Mumtenge popita, mukhale naye pafupi, ndipo patapita nthawi mumpatse kantchito, ngakhale koyala mipando. Koma mukaona kuti sagona tulo masabata ambiri, kapena amwa mosaleka, kapena anena zodzipha, musazengereze, mupite naye kuchipatala, pakuti nthenda ya maganizo iri ndi mankhwala monga zinzache.

Ndipo inu, m'bale wathu amene mwabwera, tikupemphani musataye mtima. Yambani ndi moni wa m'mawa kwa mnansi mmodzi. Mukakhumudwa lero, mawa tulukaninso. Abale anu nawo ali kuphunzira, ndipo adzalakwitsa; akhululukireni. Makolo anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu.

Mau awa akhudzanso ena: wodwala amene wagona m'nyumba zaka, mtchona wobwera ku Joni tsitsi litayera, ndi alendo athu a ku Dzaleka komweko. Pakuti kuyambira 1994 malo aja anasanduka msasa wa othawa nkhondo, makamaka a ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo anthu anafika poposa 50,000 pamalo okonzedwera ochepa kwambiri. Ana ambiri anabadwira momwemo nakulira momwemo. Chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba mu 2014, chinaonetsa kuti Amalawi ndi alendo akakhala pamodzi, mantha achepa. Moni wathu pamsika ukhoza kuchita chomwecho tsiku liri lonse.

Kumbukirani kuti Ambuye Yesu ataukitsa Lazaro, iye anatuluka m'manda ali womangidwabe ndi nsalu, ndipo ntchito yommasula inapatsidwa kwa anthu oima pomwepo. Mabanja onse, pa mapemphero a madzulo mwezi uno, atchule akaidi ndi omasulidwa, ndipo mphakati uli wonse ufunse ngati m'dera lache muli wina amene anabwera kale, koma palibe anakamchezera. Amai Maria, Mtonthozi wa osauka mtima, atipempherere ife tonse.